Ulendo wa amisiri athu ku Nyumba ya Mandala

Tinanyamuka ku Zomba kusanache, anthu 14, aliyense ndi tepi yake m'thumba. Titangodutsa pa Namadzi tayala lakumbuyo linaphulika, ndipo jeke inapezeka yaifupi. A Tcheya anatuma anyamata kukapempha njerwa zinayi ndi thabwa. Njerwazo tinaziyala chogona, thabwa pamwamba, kenako jeke, chifukwa chitsulo chikakhala pa njerwa penipeni njerwayo imaphwanyika. Komanso mwa ife munali amene anaiwala chigubu cha thobwa pa siteji. Akudzidziwa, ndipo dzina lawo latsopano lakhazikika.

Nyumba ya Mandala ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ngati nyumba ya mabwana a African Lakes, kampani yomwe inayambira ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno ankaiyendetsa abale awiri, John ndi Frederick Moir. Dzina la Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John. Lero pansi pali La Caverna, pomwe amaonetsa zojambula ndi zosema, komanso malo omwera khofi. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1946.

Chomwe tinapitira ife ndi makoma. Nyumba yosanja ya zidina ndi dothi, yatha zaka zoposa 140 ili chiimire! A Malume athu a mipeni iwiri yomangira anazungulira khonde lonse kawiri osalankhula, kenako anati, "Ana inu, yang'anani denga, osati khoma." Khonde lalikulu lozungulira nyumba ndilo limaletsa mvula ya mphepo kufika pa khoma, ndipo madzi a padenga amagwera kutali ndi maziko. Chidina sichiopa ukalamba, chimaopa madzi a pansi ndi a pamwamba.

Mkangano unabuka pa nkhomaliro, tili pa mthunzi ndi mbatata zathu ndi mazira owiritsa. A Msungichuma anati nyumba yakale yomwe tikufuna kukonza kwathu ku Zomba tingoimata simenti yolimba, tithane nazo. A Malume anaika mbatata pansi. "Achimwene, mukufuna kuipha?" Anafotokoza kuti simenti salola khoma la dothi kupuma. Chinyezi chochokera pansi chimakwera, chimatsekeredwa kuseri kwa pulasitala, zidina zimafewa osaoneka, tsiku lina chigamba chonse chimagwa pamodzi ndi khoma. Pulasitala woyenera ndi wa laimu: ndowa imodzi ya laimu wonyowetsedwa bwino, ndowa zitatu za mchenga wosefa. Khoma ulinyowetse pang'ono, umate mopyapyala kawiri kapena katatu, ndipo gawo loyamba liyambe lagwira usanaikepo lina. Ukathamanga, kapena ukamata dzuwa likuswa mtengo, amang'aluka. A Msungichuma anadandaula za masiku ochuluka a ganyu, ndipo pamenepo sakunama, koma anthu 11 anaima ndi laimu. Ine ndikuti anasankha bwino.

Tinagwirizananso kayezedwe ka nyumba yathuyo. Khoma tizigogoda ndi chigwiriro cha mpeni. Pomveka phwaphwa ndiye kuti pulasitala walekana ndi zidina. Mitanda ndi mafelemu tizibaya ndi msomali, ukalowa mosavuta chiswe chadya kale mkati. Dothi lounjikana m'mbali mwa khoma lichotsedwe, ngalande zitsegulidwe mvula isanayambe, malata odontha asinthidwe tisanagule ngakhale thumba limodzi la laimu. Mabuku ndi zithunzi zakale zisagunde khoma kapena kukhala pansi.

Zikomo amayi a komiti chifukwa cha mazira aja, adalaivala athu chifukwa chodekha, ndi banja la pa Namadzi lomwe linatibwereka njerwa. Tinabweza zonse zinayi pobwerera. A Chigubu, Loweruka thobwa ndi lanu, ndipo makwerero abwere ndi anyamata a ukalipentala.