Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Manja ali pa kiyibodi, kwaya ikundiyang'ana

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene a kwayamasitala athu anasamukira ku Lilongwe pa ntchito, n'kundisiyira kwaya ya achinyamata ya pampingo pathu ku Zomba. Ine ndinali woyimba kiyibodi basi. Solofa ndinkaidziwa, koma vuto linali lakuti woyimba kiyibodi wina panalibe. Ndikaima kutsogolo kukupiza manja, kiyibodi inkakhala chete. Ndikakhala pa kiyibodi, masopulano ankathamanga, mabesi n'kumatsalira kumbuyo.

Mnzanga wina wogwira ntchito pa kafe ya intaneti m'tauni ndiye anandiitana. "Aise, tabwera udzamuone mkulu uyu." Pa YouTube panali mzungu atakhala pa piyano, okesitala yonse, gulu lalikulu la oyimba ndi zida, itamuzungulira. Zala zikakhala pa ntchito ankatsogolera ndi mutu, ndi mapewa, ndi maso. Dzanja limodzi likangopeza mpata, linkanyamuka kuloza oyimba vayolini kuti alowe, kenaka n'kubwerera pamakiyi nthawi yake isanapite. Ameneyu anali Leonard Bernstein.

Kuyambira pamenepo ndalama iliyonse ya kamba inkathera pakafepo. Bernstein anabadwa mu 1918 ku Lawrence, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Piyano anaidziwa ali ndi zaka 10, azakhali ake a Clara atasiya yawo kunyumba kwa makolo ake. Bambo ake a Samuel, omwe ankagulitsa katundu wa m'masaluni, sankafuna kuti mwana wawo adye za nyimbo. Apa mtima unandigunda, chifukwa ababa anga nawonso ankati, "Iwe, kwayayo idzakugulira ufa?" Sankanena mwa nkhanza ayi. Anali ataona oyimba ambiri akukalamba opanda kanthu, ndipo ankandidera nkhawa.

Nkhani imene inandilimbitsa kwambiri ndi ya pa 14 Novembala 1943. Bruno Walter, amene amayenera kutsogolera okesitala ya New York Philharmonic ku holo ya Carnegie Hall, anadwala chimfine. Bernstein, wothandizira chabe wa zaka 25, anauzidwa kuti aimirire m'malo mwake popanda kuyeserera ndi gululo, konsati ikuulutsidwa pa wailesi dziko lonse. M'mawa mwake nkhani yake inali patsamba loyamba la nyuzipepala ya New York Times. Mu 1958 anakhala mkulu wa gululo mpaka 1969. Ankapekanso nyimbo, monga za sewero la West Side Story la mu 1957, ndi kuphunzitsa ana pa TV m'makonsati 53 a Young People's Concerts. Anamwalira mu 1990.

Ena ankamunena kuti amadumpha kwambiri pagulu ngati akudzionetsera. Ine sindigwirizana nawo. Muonereni akutsogolera okesitala ya Vienna Philharmonic m'chigawo chomaliza cha nyimbo ya Symphony 88 yopekedwa ndi Haydn. Manja amawatsitsa, osawanyamulanso. Nsidze zimakwera, mavayolini n'kuyankha. Milomo imakwinyika pang'ono, mawu n'kutsika. Munthu wofuna kuonekera sangachite zimenezo. Uyu ankadziwa kuti oyimba akudziwa kale ntchito yawo, akungofuna nkhope yowauza kuti tili limodzi.

Loweruka lotsatira ndinatembenuza kiyibodi kuti iyang'anizane ndi kwaya, chifukwa kale inkakhala chakukhoma, ine n'kuwapatsa msana. Ndinaloweza nyimbo zonse pamtima kuti maso asamagwe pamakiyi. Ndinawauza kuti, "Ndikakoka mpweya, inunso kokani. Ndikatsitsa chibwano, lowani." Poyamba anaseka, makamaka atsikana a alito. Koma titabwereza vesi ija ya mabesi otsalira, analowa onse pamodzi, ndipo mnyamata wina wakumbuyo anafuula kuti, "Eya, yalowa!" Tsiku limenelo magetsi anazima tili pakati pa nyimbo, kiyibodi n'kuti zii, koma palibe anasiya. Ankayang'ana nkhope yanga, mpaka tinamaliza.

Mayi wina wa Mvano amene ankasesa m'tchalitchimo anatimva, n'kukawauza amayi anga, amayi n'kukawauza ababa. Lamulungu lake ababa anakhala benchi yachitatu, pomwe sankakhalapo n'kale lonse. Zimene anandiuza tikubwerera kunyumba, komanso mmene ndinayambira kupeka nyimbo yanga yoyamba m'kope la masamu, ndidzafotokoza m'gawo 7.