Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Mpira Wosweka wa ku Northcliff

Chaka changa chachiwiri ku Johannesburg ndinkagwira ntchito ku Randburg, pamalo pena poumba mipira ya konkire yokongoletsera pakhomo. Ine ntchito yanga inali yomata timatailosi tagalasi pa mipirayo, kamodzikamodzi, mpaka zala zinkachita ming'alu ndi simenti.

Tsiku lina tinamva kuti lole yagunda chipilala panyumba ina ku Northcliff, ndipo mpira waukulu umene tinaumba chaka chapitacho wasweka, zidutswa zake anataya kale. Eni nyumba ankafuna wina wofanana ndendende. Chikombole chake chinali chobwereka, ndipo m'buku lathu munalibe muyeso wake, koma munangolembedwa kuti unadya timatailosi 1,800.

Mnzanga wachikulire wa ku Mangochi, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, anati: "Achimwene, wa masentimita 40 umadya 800. Uwu unadya kawiri ndi kota, ndiye kuti unali wa 90."

Ndinawayankha mwaulemu kuti, "Akulu, mundilole ndiwerengere kaye," chifukwa ndinakumbukira phunziro la masamu lija la ku sekondale, lomwe ndinalisiya m'kope nditalemba mayeso a MSCE. Khungu la mpira silikula mofanana ndi dayamita, ndiko kuti muyeso wodutsa pakati pake, koma limakula molingana ndi dayamitayo itachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Archimedes wa ku Syracuse ndiye anasonyeza kuti khungulo ndi lalikulu kanayi kuposa bwalo lomwe limaoneka mpira ukadulidwa pakati, n'chifukwa chake timalemba 4πr², pamene r ndi theka la dayamita, ndipo πr² ndi kukula kwa bwalolo. Poyerekeza mipira iwiri, 4 ndi π zimachoka, n'kutsala miyeso yokha.

Ndinatola thumba la simenti lopanda kanthu n'kulembapo ndi pensulo yampala matabwa. 1,800 kwa 800 ndi chimodzimodzi 9 kwa 4, ndipo sikweya ruti yake ndi 3 kwa 2, popeza 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4. Choncho 40 kuchulukitsa ndi 3, kugawa ndi 2, inandipatsa masentimita 60. Ndinawaonetsanso kuti mpira wa 90 ukanadya timatailosi toposa 4,000, ndipo apa m'pamene anakhala chete n'kugwedeza mutu.

Abwana sanakhulupirire msanga, koma analola kuti tibwereke chikombole cha 60. Nditamata katailosi komaliza pamwamba pake, ndinawerenga totsala m'katoni mtima ukugunda, ndipo ndinapeza kuti ndagwiritsa ntchito 1,812. Titauika pachipilala, tsinde lake linakhala bwinobwino pachipsera chozungulira chomwe mpira wakale unasiya.