Makina osokera a mayi a ku Jali

Ndatembenuka pabedi mpaka ndaona kuti bola ndidzuke ndilembe. Mnzanga wagona kalekale. Kuno ku Chikanda kuli zii, agalu okha ndiwo akuuwa cha kumtunda, koma m'makutu mwanga mukumvekabe mawu a mayi amene anabwera masana aja ku kiliniki yathu ya zamalamulo, kumene ife ophunzira zamalamulo timathandizirako anthu pa mavuto awo.

Anachokera cha ku Jali, mwana ali kumbuyo, m'manja muli kajumbo. M'kajumbomo munali buku la kuchipatala la malemu amuna awo ndi lisiti ya makina osokera, yopindapinda mpaka inki kufufutika. Malemuwo anali telala pamsika. Mwambo wa kumeta utangotha, akuchimuna anabwera ndi ngolo n'kutenga makinawo, njinga, matiresi ndi malata amene banjali linkasunga kuti lidzafolere nyumba.

Mtima wanga unadumpha, chifukwa nkhani iyi ndimaidziwa bwino. Tinaiphunzira mpaka kuloweza. Ndinayamba kuwafotokozera za lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967: kuti munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi wake ndi ana, pamodzi ndi amene ankadalira malemuyo, kuti katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi wamasiyeyo, kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kulowa nawo m'ndende. Ndinatchulanso gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko, loteteza amayi kuti asalandidwe chuma chosiyiridwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula pakamwa, uku akusisita kamwendo ka mwana.

Kenako anati, "Mwanangu, ine sindinabwere kudzamangitsa munthu. Amene anatenga makinawo ndi alamu anga, bambo aang'ono a ana angawa. Mawa kukagwa zovuta ndidzagogoda pakhomo pa yani?"

Ndinangoti kakasi.

"Malata atenge, njinganso atenge. Ine ndikufuna makina okhawo. Kusoka ndimatha, malemu anandiphunzitsa. Yunifolomu ndimasoka, ngakhale zipi ndimaika."

Ndinayesa kuwauza kuti malatawo si awo okha, ndi a ana, ndipo sayenera kungowasiya. Anandiyang'ana mwachifundo ngati wofunika thandizo ndine. Apa m'pamene a madamu otiyang'anira anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Sanatchule gawo lililonse la lamulo. Anafunsa ngati ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhalapo pansi, ngati amfumu akudziwa, ngati kuchimunako kuli wamkulu wina amene anthu amamumvera. Kunapezeka kuti alipo, azakhali ena okalamba amene tsiku la ngololo sanayankhule kanthu. Tinagwirizana zolemba kalata ya m'Chichewa, yaulemu, yopempha kuti banja likumane pamaso pa amfumu, ndipo lamulo lingotchulidwa m'chiganizo chimodzi cha kumapeto. Zikakanika, ndiye tidzawalozere ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, poti ife ophunzira sitiloledwa kuimirira munthu m'khoti.

Kalatayo ndinalemba ndine. Inanditengera nthawi yaitali kuposa asayimenti iliyonse chaka chino, chifukwa mawu ena amene ndimawatchula mosavuta m'Chingerezi ankakana kulowa m'Chichewa popanda kumveka ngati chiopsezo.

Potuluka ndinakumana ndi mnzanga wa m'kalasi pa bolodi la zidziwitso. "Aise, walembetsa za moot? Lachisanu atseka." Akunena mpikisano wa khoti loyeserera wa maufulu a anthu mu Africa, umene amakonza a Centre for Human Rights a ku Pretoria. Chiyambire chaka choyamba ndakhala ndikuulakalaka, ndipo ndikuufunabe, sindikubisa. Ndani safuna kukwera ndege, kuvala suti n'kukaima pamaso pa majaji akuluakulu? Koma lero ndinangomuyankha kuti ndiona mawa. Anadabwa, n'kundifunsa ngati ndikudwala.

Sindikudwala. Chimene chikundisowetsa tulo ndi wailesi.

Ndili mwana, kwathu kunali wailesi yaikulu ya makaseti imene tinkamverapo mpira Loweruka. Inabwera atsibweni anga atamwalira. Mayi anga ndi abale awo anapita kumudzi kumene atsibweniwo ankakhala pachikamwini, nabwerako ndi wailesiyo, mipando iwiri ndi mbuzi. Palibe amene ankati n'kuba. Ankati chuma cha m'bale wathu chabwerera kwawo, ndipo eni ake ndi ife ana a mlongo wake. Akazi awo a atsibweni sindinawaonenso. Ana awo, asuweni anga enieni, sindikudziwa kuti anakula bwanji. Zaka zonsezi ndaphunzira lamuloli, ndalilemba pamayeso n'kukhoza, osaganizako n'kamodzi komwe za wailesi ija mpaka lero pamene mayi aja anatchula ngolo.

Mayi anga si munthu woipa. Ndiwo amagulitsa nyemba ndi nandolo kuti ndilipire lendi kuno. Mwina alamu a ku Jali aja nawonso ali ndi mwana amene akumufunira fizi.

Komabe malata aja ndi a ana. Sindikutha kuchoka pamenepo. A madamu akuti ntchito yathu ndi kumva chimene munthu akufuna, osati chimene ife tikufuna kuti afune, ndipo ndikuvomereza. Nanga mvula ikayamba mu Novembala, nyumba ili ya udzu wakale, ana aja adzati chiyani za kalata yaulemu imene ndinalemba?

Anati abweranso Lachitatu likudzali ngati apeze ndalama yokwerera. Ndinaiwala kuwafunsa kuti lero abwerera bwanji.