Ndinaima pakhomo pa Usher Hall

17 Sepitembala, Edinburgh

Ndaweruka ntchito ya usiku cha m'ma 8 koloko m'mawa, thupi lili lefu koma tulo tili kutali. M'malo mopita kunyumba ndinatsika basi pa Lothian Road n'kukaima pakhomo pa Usher Hall, kamvula kakuwaza. Lero ndi tsiku lomwe Fritz Wunderlich, woimba wa ku Germany wa mawu okwera aamuna otchedwa tena, anamwalira mu 1966, ndipo m'holo imeneyi ndi momwe anaimba konsati yake yomaliza ya nyimbo za yekha, pa 4 Sepitembala chaka chomwecho, Hubert Giesen akumuimbira piyano. Konsatiyo inajambulidwa. Ndinaiyatsa pa foni ndili chiimire pomwepo.

Chimene chimandigwira mtima pa munthu ameneyu n'chakuti sakuwa. Ife oimba tena timakonda kukankha mawu tikafika pamwamba, khosi lili nji, mitsempha itatuluka. Iye amakwera ngati akungopitiriza kucheza nawe. Chijeremani changa n'chochepa kwambiri, koma akamaimba Dichterliebe, mndandanda wa nyimbo za Schumann, ndimamva pomwe liwu lililonse layambira ndi pomwe lathera. Sameza ndi limodzi lomwe.

Anabadwira ku Kusel, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Pfalz, pa 26 Sepitembala 1930. Makolo ake onse anali oimba, bambo cello, mayi vayolini. Bambowo anadzipha mwanayo ali ndi zaka 5, atachotsedwa ntchito m'nthawi ya a Nazi komanso akuvutika ndi chilonda cha kunkhondo. Umphawi unalowa pakhomo. Fritz anakula akuimba akodiyoni ndi lipenga m'magulu a dansi kuti pakhomo papezeke chakudya. Atapita kusukulu ya nyimbo ku Freiburg mu 1950 ankaphunzira lipenga lotchedwa horn pamodzi ndi kuimba, ndipo mphunzitsi wake wa mawu, Margarethe von Winterfeldt, anali wosaona. Zimenezi ndaziganizira tsiku lonse. Mayiyu sankaona nkhope ya mnyamatayo kapena kaimidwe kake, ankangodalira khutu, choncho panalibe pobisala. Ambiri amati mpweya wake wautali uja anautengera ku lipenga, ndipo ine ndikukhulupirira, chifukwa mzere womwe ine ndimapumira kawiri iye amaudutsa ndi mpweya umodzi, n'kutsala nawo wina.

Kuchoka apo zinthu zinayenda mwachangu: anaimba zisudzo za nyimbo zotchedwa opera ku Stuttgart mu 1955, ku Salzburg mu 1959 pansi pa wotsogolera oimba Karl Böhm, kenako ku Munich ndi Vienna. Gawo lomwe anatchuka nalo kwambiri ndi la Tamino mu opera ya Mozart yotchedwa Die Zauberflöte. Analiimba akadali pasukulu, analijambula ndi Böhm mu 1964, ndipo analiimbanso muno mu Edinburgh pa ulendo womaliza uja. Patangopita masiku owerengeka atabwerera kwawo, anagwa pa masitepe m'nyumba ya mnzake ku Oberderdingen n'kuvulala mutu. Anamwalirira kuchipatala ku Heidelberg, kutatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 36. Mu Okutobala amayembekezeka kukaimba koyamba ku Metropolitan Opera ku New York. Anasiya mkazi ndi ana atatu.

Masana ndagonako pang'ono. Madzulo kunali kuyeserera kwaya kutchalitchi, ndipo ndinafika msanga dala kuti ndiwapeze a kwayamasitala ali okha. Ndinawapatsa mahedifoni. Anamvetsera atatsinzina mpaka nyimbo kutha, kenako anati, "Achimwene, mwamva mmene akusungira mpweya? Ndi zomwe ndimakuuzani sabata ndi sabata." Ndinati, "Ndamva bambo, koma kuchita kwake ndiye nkhani." Iwo anati tiyambire pa mzere umodzi basi. Tinatenga mzere woyamba wa nyimbo ya Lamulungu likudzali, anyamata anayi a tena, n'kuubwereza kambirimbiri motsitsa mawu, osapuma pakati. Ulendo wina unatuluka bwino moti amayi a soprano anatembenuka kutiyang'ana. Mtima wanga unadzaza.

Pobwerera m'basi ndinayatsa Die Schöpfung ya Haydn, yomwe Wunderlich ankajambula ndi wotsogolera oimba Herbert von Karajan ku Berlin imfa itamupeza asanamalize. Nyimbo zikuluzikulu anali ataimba kale, koma zigawo zina zolankhula moimba anadzamalizitsa ndi tena wina, Werner Krenn. Ndinkatchera khutu kuti ndigwire pomwe mawu a Wunderlich akulekezera n'kuyamba a mnzakeyo. Krenn anaimba mwaulemu ndithu, ndipo ntchito yoteroyo siyopepuka. Komabe nthawi iliyonse mawu akasintha pamtima panga pamachita zii, n'kumadikira kuti mwini wake abwerenso. Ndinapitirira siteji yanga ndi masiteji awiri, ndipo ndabwerera wapansi mvula itakata.