Boti losamira la pa Windermere

Ine ndinabadwira ku Senga Bay, ndiye nkhani ya maboti ikayambika kuno ku Manchester sindipatsa munthu mpata. Zoti kwathu sindinakwerepo boti la thanga, ndinkangopalasa bwato la amalume m'mbali mwa gombe, zimenezo sindinena.

Mkangano wanga ndi alamu anga unatenga miyezi itatu. Iwo anagula kaboti kotchedwa Mirror, kotalika mamita atatu ndi pang'ono, kamathanga ofiira. Timaboti timeneti tinayamba mu 1962, dzina lake linachokera ku nyuzipepala ya Daily Mirror, ndipo amatipanga ndi pulayiwudi. Amasoka matabwawo ndi waya wa kopa, kenako n'kumata m'misoko. Ndithu, kusoka boti ngati thumba la chimanga.

"Alamu, ichi si chombo, ndi kabati ya mbale," ndinkatero.

"Kabatiyo timanyamula anthu awiri n'kuika pamwamba pa galimoto," iwo ankayankha mosatekeseka.

Ine ndinagula Wayfarer yakale ya fibreglass, pamodzi ndi ngolo yake yokoka ndi galimoto. Boti lenileni: mamita pafupifupi asanu, lolemera moti anthu awiri kulinyamula n'kudziputira matenda a msana. Mtundu wa boti umenewu anaujambula ndi Ian Proctor mu 1957, ndipo mu 1963 munthu wina dzina lake Frank Dye anayenda ndi boti la mtundu womwewu kuchoka ku Scotland mpaka ku Iceland. Nkhani ya Iceland imeneyi ndinaibwereza mpaka akazi anga anayamba kumaimaliza okha ndisanafike pakati.

Tsiku loti tithetse makani linakwana, tinapita ku Windermere. Angerezi amanyadira kuti ndiyo nyanja yaikulu ku England, koma kutalika kwake sikufika makilomita 20. Yathu imapitirira 500. Ndinawauza alamu kuti munthu wokulira pa mwera sangaope thamanda.

Chiyambi chokha sichinandikomere. Kubweza ngolo chafutambuyo pa mtsetse wolowera m'madzi ndi ufiti: ukakhotetsa kumanja iyo ikupita kumanzere. Ndinayesa kasanu ndi kawiri. Pomwe boti langa linkakhudza madzi n'kuti alamu atamanga kale mathanga, akumwa tiyi wa mu fulasiki.

Komabe titangonyamuka mtima unakhala m'malo. Mphepo inadzaza thanga, ndinawapitirira alamu, ndinawabayibitsa ngati phungu pa kampeni. "Mundipeza ku Iceland!"

Patapita mphindi makumi awiri boti linayamba ulesi. Chiwongolero chinalemera. Kutsogolo kunadzuka ngati mbuzi yofuna masamba a m'mwamba, kumbuyo kukutitimira. Wayfarer ili ndi chipinda cha mpweya kumbuyoko, ndicho chimathandiza kuti isamire ngakhale itagubuduka. Changa chinali chikumwa madzi mwakachetechete ngati mlendo wa pa ukwati.

Ndinaimirira kuti ndione bwino, ndipamene mphepo inatembenuka. Mtanda wa pansi pa thanga unabwera osaodira, pho! pakhutu. Ndinapezeka ndili m'madzi. Abale, madzi a ku Senga Bay amakulandira ngati mwana wa pakhomo. A Windermere amakufunsa chitupa. Ndinafuna kukuwa m'Chingerezi koma chinatuluka ndi "Mayo ine!"

Amene anabwera kudzanditola ndi kabati ya mbale ija. Alamu anandikokera mkati ngati kampango, osalankhula kanthu, ndipo kusalankhulako kunandiwawa kuposa mtanda uja. Boti langa linachita kukokedwa ndi anthu ena a boti la injini.

Tili pamtunda, ndikunjenjemera m'bulangete la eni ake, ndinayamba mlandu. Ndinati amene anandigulitsa ndi wakuba, anabisa mng'alu ndi penti. Ndinati fibreglass ikakalamba imafumbwa ngati nyemba. Ndinafika ponena kuti mwina Frank Dye uja ku Iceland anapita pa ndege.

Gogo wina wachizungu amene ankatithandiza kukweza boti pa ngolo anazungulira kumbuyo, n'kuwerama. Madzi anali akutuluka pa timabowo tiwiri, waa, ngati mpopi wa pa msika. Analozapo chala n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti zotsekera zake ndasiya kuti.

Zotsekera. Timapulasitiki tiwiri tonga zivindikiro za botolo, timene wogulitsa uja anandipatsa m'manja n'kunena kawiri konse kuti ndizitseka ndisanalowe m'madzi. Ndinapisa dzanja m'thumba la kabudula kufuna makiyi a galimoto, kuti nkhaniyo ndiithawe. Makiyi anatuluka, ndipo timapulasitiki tiwiri tija tinagwa pansi n'kugubuduzika mpaka pa phazi la alamu.

Anatitola, anatipukuta pa malaya, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupereka chopereka kutchalitchi.

"Alamu," anatero, "sungani bwino. Ku Iceland n'kutali."