Jakisoni wachiwiri wa kagalu kanga

Lachitatu. Kagalu kanga kakwanitsa masabata 12, ndiye m'mawa ndinapita nako kwa dokotala wa ziweto kuti kakabayidwe katemera wachiwiri. Titafika sindinakatsitse pansi. Ndinakhala nako pamiyendo mpaka atatiitana, chifukwa pamalo podutsa agalu odwala pamatha kukhala kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa a m'mimba mwa agalu, ndipo kachilomboka kamatha miyezi yambirimbiri m'dothi kasanafe.

Adokotala anayamba akayeza kulemera ndi kutentha kwa thupi, nkukasuzumira m'kamwa ndi m'makutu. Anafunsanso ngati kakusanza kapena kutsegula m'mimba, poti galu wodwala sabayidwa katemera. Atakhutira anatsina chikopa cha kumbuyo kwa khosi, singano nkulowa. Kanangoti kwee kamodzi, kenako kanayamba kuwanyambita dzanja. Jakisoni mmodzi yemweyo amateteza ku matenda atatu: distemper yemwe amagwira mapapo ndi ubongo, parvo, ndi adenovirus yemwe amawononga chiwindi. Wa chiwewe anabaya padera, popeza masabata 12 ndiwo msinkhu woyambira.

Polemba pakhadi anati tibwerenso kakakwanitsa masabata 16. Ndinafunsa kuti, "Adokotala, kabayidwa kawiri tsopano, ulendo wachitatuwo ndi wofunikadi?"

Anaika cholembera pansi. "Mayi, womalizawo ndiye musauphonye zivute zitani."

Nkhani yake ndi iyi. Kagalu kakangobadwa kamayamwa mkaka woyamba wa make, ndipo mumkakamo mumakhala chitetezo cha mayiyo. Chitetezo chobwereka chimenechi chimakatchinjiriza m'masabata oyamba, koma chimalimbananso ndi katemera, nkumufooketsa asanagwire ntchito m'thupi. Chimatha pang'onopang'ono, ndipo nthawi yake siifanana. Mwa ana a galu mmodzi, kena chimakathera pa masabata 8, kena chimapitirira 12, ndipo pongoyang'ana ndi maso sungadziwe. Ndiye chifukwa chake amayamba kubaya pa masabata 6 mpaka 8, nkumabwereza pakadutsa masabata 2 mpaka 4, kuti womaliza agwe pa masabata 16 kapena kupitirirapo. Malangizo a bungwe la madokotala a ziweto zazing'ono padziko lonse, WSAVA, amanenanso zomwezi.

Pobwerera ndimangoganizira anthu amene amalekera pa jakisoni wachiwiri poona kuti kagalu kanenepa, kakusewera. Zimandiwawa mumtima, chifukwa kagalu kotero katha kukhala kopanda chitetezo chilichonse: cha make chatha, katemera nayenso sanagwire. Parvo akakapeza pamenepo kamasanza, kamatsegula m'mimba mwa magazi, madzi nkutha m'thupi pa masiku ochepa chabe. Ambiri salekera dala ayi. Palibe amene anawakhazika pansi nkuwafotokozera.

Za mtsogolo anandilembera kuseri kwa khadi. Katemera wolimbikitsa amabwera pa miyezi 6 kapena galu akakwanitsa chaka, ndipo ife tagwirizana za miyezi 6. Kuchoka apo, wa matenda atatu aja amabwerezedwa pakatha zaka zitatu. Wa leptospirosis, matenda ofala kudzera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina, sakhalitsa m'thupi, ndiye ndi wa chaka ndi chaka. Wa chiwewe umatsatira lamulo la dziko lomwe ukukhala, ndipo pamenepa sipofunika kunyozera, poti chiwewe chikangoonetsa zizindikiro, kaya ndi pa galu kaya pa munthu, kupulumuka kumakhala kosowa kwambiri.

Masana onse kangogona pansi pa mpando, chakudya kangolawako pang'ono. Pomwe anabaya pali kachotupa kakang'ono kolimba ngati kanjere. Adokotala anandiuziratu kuti zimenezi zimachitika ndipo zimatha zokha, koma nkhope ikatupa, kakayamba kusanza mobwerezabwereza kapena kubanika popuma, ndithamange nako nthawi yomweyo. Ndakhala ndikukayang'ana pafupipafupi, ndipo madzulo ano kadzuka kokha kukamwa madzi.

Kumsewu ndi kumalo kosonkhana agalu ambiri sikapita kufikira jakisoni womaliza atabayidwa. Komabe sindikufuna kuti kakule koopa anzake, ndiye Loweruka ndipita nako kwa mnzanga amene galu wake analandira katemera yense, akasewere limodzi pabwalo lotchingidwa.