Lachinayi: PIN imodzi nyumba yonse

Lero kwacha ndi chiperoni, phiri silikuoneka nkomwe, ndiye mita nayonso yayamba kulira kuti mayunitsi atha. Ndatenga foni ya amayi kuti ndigule pa Mpamba, poti ndalama ya pakhomo imakhala pa simu yawo, ija achimwene amatumiza kuchokera ku Joni. Ndadina *444# ndapeza balansi yatsika kwambiri, pomwe dzana amayi anaikamo ya nanazi zomwe anagulitsa pa Chitakale.

Palibe waba ayi. Mameseji ali momwemo onse, bandulo apa, eyataimu apo, bandulo inanso usiku. Achemwali anagulako, mwana wawo anagulako, asisi aang'ono nawonso, aliyense akuti "ndinangotengako pang'ono". Vuto ndi loti PIN ija aliyense amaidziwa, ndipo amene amaona meseji ndi amayi okha, iwo maso avuta, sawerenga timalemba tating'ono tija. Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pang'ono pang'ono wotereyu amathetsa ya ndiwo sabata isanathe.

Mayunitsi ndagula ochepa, ndalowetsa manambala 20 aja, magetsi ayaka.

Masana ndipomwe ndaona zina. Gmail imene achimwene anatsegula asanapite ndi yomwe ili pa mafoni onse a m'nyumba muno, chifukwa foni yatsopano ikabwera timangolowetsa yomweyo kuti Play Store igwire. Nchifukwa chake manambala a anzake a mwana wa achemwali uja akupezeka mu foni ya agogo ake, ndipo iye atafufuta "osawadziwa" anafufutiratu nambala ya mayi wa ku Luchenza amene amaoda nanazi kwa amayi. Akaunti ikakhala imodzi, wafufuta pa foni imodzi wafufuta ponse. Mwayi wake Google imasunga manambala ofufutidwa kwa masiku 30, ndiye ndaibweza. Chomwe chandiopsa kwambiri, khadi ya ku banki ya achimwene idakali yolumikizidwa pa akauntiyo, mwana akanangodina zogula za m'magemu aja bwenzi ikudulidwa ku Joni iwo ali kuntchito.

Madzulo takhala pansi tonse. Akuluakulu aliyense ndamutsegulira Gmail yake, mwanayu poti sanakwane zaka 13 yake ndaimangirira ku foni ya mayi ake kudzera pa Family Link, kuti akafuna kuika gemu iwo avomereze kaye. Pa akaunti yakale ndatchera kuti chogula chilichonse chizifunsa pasiwedi, kenako ndaichotsa pa mafoni enawo.

PIN ndiyo inavuta. Amayi anakana poyamba, akuti "mwana wanga, ndizibisira ana anga omwe ngati akuba?" Ndinawamvetsa, ndipo sindikufuna nyumba yoti tizikaikirana. Koma ndalamayi achimwene amaivutikira kunja, ndipo nanazi zija amayi amasenza okha. Achemwali ndi amene anaithetsa, akuti PIN asinthe, aidziwe amayi ndi munthu mmodzi basi, wofuna bandulo anene, ndipo zilembedwe m'kope la pa windo lija. Mwana uja anafunsa, "ankolo, ndiye ya homuweki ndizipempha daily?" Tagwirizana kuti azigulidwira ya sabata Lolemba lililonse.

Achimwene ndawauza pa WhatsApp kuti achotse khadi yawo ndi kusintha pasiwedi, akuti achita akaweruka.